Mwana wokana ndiwo: muzolowetseni pang'onopang'ono

Mwana akapitirira chaka chimodzi sakulanso mwachangu ngati ali khanda, ndiye njala nayo imachepa. Pakati pa zaka 2 ndi 5 ambiri amakayikira chakudya chachilendo: amafuna nsima ya msuzi kapena kachewere wokazinga basi, masamba n'kuwakankhira kumbali. Si mwano umenewu ayi, ndipo zimatheka kumusintha.

Chimene chimasintha mwana ndi kubwereza. Chakudya chatsopano angachikane maulendo 10 kapena kuposerapo asanachilandire, koma makolo ambiri amagwa ulesi atayesa maulendo ochepa chabe. Ikani supuni imodzi yokha ya nkhwani wotendera pambali pa chimene amachikonda kale. Akakana, chotsani osamukalipira, mubwerezenso pakapita masiku awiri kapena atatu. Ngakhale atangonunkhiza kapena kunyambita n'kulavula, wayamba. Mtundu umodzi pa nthawi imodzi, osati bonongwe, usipa ndi soya tsiku lomwelo.

Kuno ku Dedza ndi Ntcheu kachewere ndiye khomo lolowera. Muphikeni, mumukanye pamodzi ndi nyemba zophwanya kapena dzira, kenaka muzionjezera masamba odula bwino pang'onopang'ono. M'phala la mgaiwa thirani supuni ya nsinjiro kapena ya usipa wosinja, ndipo likhale lolimba losayoyoka pa supuni. Phala lamadzimadzi limadzaza mimba popanda kumupatsa mphamvu. Futali wa mbatata yofiira mkati ana sakonda kumukana chifukwa amatsekemera, komanso ali ndi vitamini A. Masamba musawapsereze, amawawa ndi kuda. Chisoso ndi mpiru zidikire kaye, yambani ndi nkhwani kapena kholowa.

Mwana akhale ndi mbale yakeyake kuti muone chimene wadya, koma adyere limodzi ndi banja. Abambo, mwana akakuonani mukusiya masamba nayenso asiya. Mulekeni agwire ndi manja ake ngakhale adzipake, bola mwamusambitsa ndi sopo. Pa msika wa Lizulu kapena kudimba, asankhe yekha pakati pa karoti ndi kabichi.

Zowononga zazikulu ndi ziwiri. Choyamba, zakumwa zashuga, tiyi ndi tokhwasula ta m'mapaketi nthawi ya chakudya itayandikira. Kukatsala maola awiri kuti adye, mpatseni madzi okha. Chachiwiri, ndipo ichi tikuchiletsa ndithu, kumupana miyendo, kumutseka mphuno ndi kumuthira phala m'kamwa. Angatsamwe, phala n'kulowa m'mapapo, ndipo amayamba kuopa mbale. Agogo ndi alezi nawonso auzidwe. Pakatha mphindi 30 chotsani chakudya, adikire nthawi ina.

Pitani naye kusikelo mwezi uliwonse. Ngati sakukwera sikelo miyezi iwiri yotsatizana, watupa mapazi onse awiri, ali ndi zilonda m'kamwa, akutsegula m'mimba kapena akukana ngakhale zimene amakonda, kumeneko si kusankha zakudya. Onanani ndi alangizi a zaumoyo kapena pitani kuchipatala tsiku lomwelo.