Kuwawa kwa m'mbali mwa mimba musamangomwera Panado

Abale muli ku Joni ndi ku UK, makamaka inu onyamula matumba a simenti ndi inu a care odzutsa agogo pabedi daily, pali hernia ina ambirife sitiyidziwa. Tikamva hernia timangoganiza phudzi kapena mchombo wotuluka, koma iyi amati Spigelian hernia, imaboola m'mbali mwa mimba chakumunsi kwa mchombo, kumanja kapena kumanzere. Kuipa kwake imabisala kunsi kwa mnofu ndiye kunja mwina sikuoneka kanthu, umangomva kuwawa pamalo amodzimodzi ukatsokomola, ukanyamula cholemera kapena ukaima nthawi yaitali, ukagona nkuleka, ndiye munthu umangoti ndi kutopa kwa shifiti.

Mukafika kwa dokotala lozani pamalopo ndi chala chimodzi, muwapemphe akugwireni mutaimirira uku mukutsokomola. Akapanda kupeza kanthu musangobwerera, funsani za ultrasound kapena CT scan chifukwa ndi zomwe zimayionetsa.

Kabowoka sikatsekeka kokha, kaya ndi zitsamba zochokera kumudzi kaya lamba womanga pamimba. Ndi opaleshoni basi, ndipo madokotala sakonda kudikira poti kabowo kake nkothina, thumbo likalowamo limatha kupanika magazi osayendanso. Ena amang'amba pamwamba pake penipeni, ena amaboola timabowo ting'onoting'ono nkulowetsa kamera, koma konse amabwezera zomwe zatuluka mkati, kutseka, ndipo nthawi zambiri amaikapo kaukonde kotchedwa mesh kolimbitsa. Ya kamera amakugonetsani tulo. Ambiri amatuluka tsiku lomwelo kapena mawa lake.

Chomwe chimandidetsa nkhawa ine ndi mukatuluka. Rent ikudikira, kumudzi akufuna fizi, munthu sabata imodzi wabwerera kale ku ganyu. Chonde ayi. Kuyendayenda pang'ono nkwabwino koma zolemera siyani masabata 4 mpaka 6 kapena mmene anganenere wokupangani opaleshoniyo, ndipo musanachoke tengani kalata yopita nayo kwa abwana, ku UK amati fit note. Konzeranitu kandalama ndi munthu wokakutengani. Idyani zofewetsa m'mimba musamadzikakamize kuchimbudzi, fodya naye amachedwetsa bala kupola.

Tsono pamalopo pakauma gwa, ululu osasiya, mukusanza, chimbudzi ngakhale mpweya osatuluka, musadikire kuche. Ku UK imbani 999 kapena thamangirani ku A&E, mbali ya chipatala yolandira odwala mwadzidzidzi, ku South Africa ambulansi ndi 10177 kapena 112 pa foni ya m'manja. Nkhani ya mapepala isakusungeni m'nyumba, malamulo aakulu a South Africa ndime 27 amati munthu aliyense asakanizidwe chithandizo chadzidzidzi, ndipo ku England kuonedwa ku A&E ndi kulembetsa kwa GP (dokotala wa m'dera lanu) ndi ulele, ngakhale mukagonekedwa mu wodi bilu itha kubwera malinga ndi visa yanu. Bilu mudzakambirana mutachira, thumbo lopanika limafa pa maola ochepa chabe.