Kasankhidwe ka alangizi a netiweki yolumikiza othandiza pa ngozi mu Blantyre

Namondwe wa Freddy atafika mu Malichi 2023, napolo anatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, magetsi anathima, ovulala anadzaza pa chipatala cha Queen Elizabeth. Pa nthawi yotere apolisi, ozimitsa moto a khonsolo, asilikali, a ambulansi ndi a Red Cross amakumana pa malo amodzi, koma gulu lililonse lili ndi wailesi zake, ndipo foni zawo zimalimbirana nsanja imodzi ndi anthu masauzande amene akusaka abale awo. Kuti magulu amenewa azimvana pa netiweki imodzi yonyamula mawu, zithunzi, kanema ndi mapu, komiti ya alangizi iyenera kukhalapo wailesi ngakhale imodzi isanagulidwe. Malangizo awa ndi a ofesala wa ku khonsolo, wa nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi (DoDMA) kapena wa bungwe amene wapatsidwa ntchito yopeza anthu a komitiyo.

Lembani kaye ntchito yawo

Masamba awiri ndi okwanira. Nenani kuti komiti imalangiza ndani, idzakumana kangati, ndipo idzatulutsa chiyani m'miyezi 12 yoyambirira. Mulembenso poyera zimene si ntchito yake. Siigula katundu, chifukwa kugula kumayendera malamulo a PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma. Siigawa mafulikwensi, imeneyo ndi ntchito ya MACRA pansi pa lamulo la zamauthenga la 2016. Mukapanda kulemba zimenezi, ogulitsa zipangizo amayamba kuzungulira mamembala ndi makatalogu mwezi woyamba womwe.

Yambani ndi mipando, mayina abwere pambuyo

Anthu 11 mpaka 13 amakwanira. Akapitirira pamenepo msonkhano umathera pa malonje. Mipando 7 ikhale ya ogwiritsa ntchito enieni: wapolisi, wozimitsa moto, wa ambulansi, namwino kapena dokotala wa ku chipinda cholandirira ovulala, msilikali, wa Red Cross, ndi mmodzi wochokera ku komiti ya ngozi ya kudera monga Ndirande kapena Bangwe. Otsalawo ndi akatswiri: injiniya wa wailesi ndi mafoni, munthu wodziwa magetsi, mabatire ndi sola, wodziwa chitetezo cha makompyuta ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, komanso wa ku nthambi yoona zanyengo. MUBAS ili pafupi pomwepa, ndipo mphunzitsi wa uinjiniya wopanda katundu woti agulitse ndi wamtengo wapatali pa tebulo lotere.

Ogwiritsa ntchito achuluke kuposa akatswiri. Ku America anaphunzira izi mowawa: pa 11 Seputembala 2001 ku New York wailesi za apolisi ndi za ozimitsa moto sizinkamvana. Lamulo la 2012 limene linakhazikitsa FirstNet, bungwe loyang'anira netiweki ya othandiza pa ngozi m'dzikolo, linalamulanso kuti pakhale komiti yolangiza ya anthu achitetezo ndi opulumutsa.

Makampani a mafoni, ESCOM ndi ogulitsa zipangizo aziitanidwa kudzafotokoza ndi kuyankha mafunso, koma asakhale ndi voti.

Kalata yoitanira

Apa ndi pamene zinthu zimakonda kupotoka. Mukalembera mkulu wa bungwe kuti atumize nthumwi, amatumiza wachiwiri wake, munthu wa muofesi amene anasiya kale kugwira wailesi mvula ikugwa. Choncho m'kalatamo mulembe kuti mukufuna munthu amene wagwirapo ntchito pa malo a ngozi m'zaka zitatu zapitazi, ndipo bungwe lipereke mayina awiri, limodzi likhale la mayi, kuti inu musankhepo. Musaiwale anthu a m'chipinda cholandirira mauthenga, aja amakhala pa wailesi usiku wonse. Iwo ndi amene amadziwa malo amene mawu amadukira.

Mipando ya akatswiri ilengezedwe m'nyuzipepala ndi pa intaneti kwa masiku 30. Pemphani mbiri ya ntchito ya masamba awiri ndi tsamba limodzi lofotokoza vuto la kulumikizana limene munthuyo analionapo ndi maganizo ake a chimene chinalichititsa. Tsamba limeneli limaulula zambiri kuposa masatifiketi.

Mafunso osefera

Ofunsa akhale atatu, ndipo malikisi agawidwe aliyense asanafike: 40 pa ntchito ya pa malo a ngozi kapena ya pa netiweki, 30 pa mayankho a chitsanzo cha ngozi, 15 pa luso lofotokozera anthu wamba, 15 pa kupezeka kwake pa misonkhano.

Chitsanzocho chikhale cha kwathu kuno. Yalani mapu a mzinda pa tebulo n'kunena kuti: ndi 2 koloko usiku, mvula yagwa masiku atatu, magetsi athima kuyambira dzulo, msewu wokwera ku nsanja wagumuka, ndipo ambulansi ili kuseri kwa phiri la Ndirande. Kenako mvetserani zimene munthuyo ayambe kufunsa.

Katswiri weniweni amayambira pa magetsi. Adzafuna kudziwa kuti mabatire a nsanjayo amatha maola angati, dizilo wa jenereta ndi wa masiku angati, ndipo adzafika bwanji msewu utaduka. Si nkhani yongopeka: namondwe wa Ana mu Januwale 2022 anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi 130 MW kwa nthawi yoposa chaka. Adzafunsanso za chingwe cha fayiba chimene chimachoka pa nsanjayo, chifukwa nsanja ikhoza kukhala ndi magetsi koma chingwe chitakokoloka pa mlatho, foni ikhoza kuonetsa netiweki yodzaza pamene palibe chimene chikudutsa. Yankho labwino limatchula njira yachiwiri, kaya ya microwave (yolumikiza nsanja ndi nsanja popanda chingwe) kaya ya setilaiti ngati Starlink, imene inayamba kupezeka m'dziko muno mu 2023.

Mufunseni chifukwa chimene wailesi ziwiri zatsopano zingalephere kumvana. Ayenera kutchula zinthu zitatu: imodzi ili pa mafulikwensi a VHF ina pa a UHF, imodzi ndi ya analogi ina ya dijito monga DMR kapena TETRA, kapena zonse ndi zofanana koma makiyi obisira mawu ndi osiyana. Adziwenso kuti chipangizo cholumikizira mitundu iwiriyo chimathetsa mbali ya zipangizo yokha. Ngati mabungwe sanagwirizane za tchanelo chokumanirapo, za amene akulamulira pa malopo, ndi zosiya mawu achinsinsi a gulu lawo n'kulankhula momveka, wailesi zidzalumikizana koma anthu osamvana.

Pa nkhani ya 4G, onani ngati akusiyanitsa zinthu ziwiri: kupatsidwa mpata woyamba pa mzere, ndi mphamvu yochotsa wina amene ali kale pa netiweki kuti wopulumutsa adutse. Zonsezi ziyenera kulembedwa mu kontirakiti ndi kampani ya mafoni. Akhale wodziwa MCPTT, muyezo wa 2016 wa 3GPP (gulu loika miyezo ya netiweki za mafoni) umene umalola foni kugwira ntchito ngati wailesi yodina n'kulankhula, komanso chifukwa chimene mafulikwensi a 700 ndi 800 MHz amafunidwira: amafika patali ndipo amalowa bwino m'nyumba. Kanema amadya malo ochuluka kwambiri kuposa mawu, choncho makamera angapo pa malo amodzi angatsamwitse nsanja.

Chenjerani ndi amene akukuuzani kuti mutaye wailesi zakale nthawi yomweyo. Wailesi ziwiri za m'manja zimalankhulana zokha nsanja itagwa, pamene foni yamakono nthawi zambiri imangokhala chete. Dziko la Britain linkafuna kuzimitsa netiweki yake ya Airwave, ya wailesi za othandiza pa ngozi, pofika 2019, koma zaka zadutsa likulipirabe yakale ndi yatsopano pamodzi.

Kupewa kukondera, nthawi ndi ndalama

Aliyense asaine fomu yonena ngati iye, mkazi kapena mwamuna wake, kapena m'bale wake wapafupi ali ndi gawo mu kampani yogulitsa zipangizo zoterezi, ndipo aziibwereza chaka chilichonse. Nkhani yomukhudza ikafika, atuluke m'chipindamo. Nthawi yokhala pampando ikhale zaka zitatu, koma asamachoke onse pamodzi. Chaka chilichonse azichoka anayi. Wojomba misonkhano itatu motsatana asiye mpando.

Za alawansi nenani chilungamo pachiyambi pomwe. Bwezerani ndalama zoyendera ndi chakudya, ndipo misonkhano izichitikira mu Blantyre momuno. Ikayamba kupita kunyanja, mipando imayamba kulimbiranidwa ndi anthu amene sadzapezeka tsiku la ngozi.

Ntchito yawo yoyamba ikhale ya kunja, isanafike Novembala pamene mvula imayamba. Agawane awiriawiri, gulu lililonse ndi wailesi ya apolisi, ya ozimitsa moto, ndi mafoni a makampani onse awiri, ayende ku Chilobwe, Ndirande, Bangwe, Machinjiri ndi Chilomoni. Pa malo alionse ayese kuitana chipinda cholandirira mauthenga ndi kutumiza chithunzi chimodzi, alembe nthawi imene chatenga, ndipo aike chizindikiro chofiira pa mapu paliponse pamene zakanika. Mapu amenewo ndi amene apite nawo kwa MACRA ndi kwa makampani a mafoni pa msonkhano woyamba.