Mlamba wa mu Shire tiziwedza ndi mbedza

Asodzi anzanga a m'chigwa cha Shire, kuyambira ku Chikwawa, kudutsa pa Chiromo pamene Ruo amathira mu Shire, mpaka ku Nsanje, mukudziwa nokha kuti mabanja ambiri kuno amadya ndi kuvala chifukwa cha mlamba ndi mphende. Lero tikambe za mlamba ndi kawedzedwe kake. Mbedza sifuna ndalama zambiri, ndiponso siwononga mtsinje.

Mlamba sudalira maso. Uli ndi ndevu 8 zimene umapapasira chakudya m'matope, ndipo chimene chimaukoka ndi fungo. N'chifukwa chake masana dzuwa lili paliwombo mungathe kukhala tsiku lonse osaona kanthu. Ponyani mbedza dzuwa likamalowa, usiku, kapena m'bandakucha. Musaponye pakati pamene madzi akuthamanga. Funani pokhota mtsinje pamene madzi akuzungulira mwakachetechete, pansi pa mtengo wogwera m'madzi, m'mbali mwa bango ndi gumbwa, kapena pamene kamtsinje kakuthira madzi amatope mvula itagwa. Pamenepo ndiye pakhomo pa mlamba.

Nyambo yake ndi nyongolotsi zonenepa, matumbo a nkhuku, tiachule, kapena kansomba kakufa kamene kayamba kumveka fungo. Mangani kamwala kapena kachitsulo pamwamba pang'ono pa mbedza kuti nyambo ifike pansi. Ukayamba kugwedeza chingwe musafulumire kukoka. Ulekeni umeze kaye.

Amene mumatchera chingwe chachitali cha mbedza zambiri, ndikupemphani zinthu ziwiri. Sankhani mbedza zazikulu, zoti kamlamba konga chala kasathe kumeza. Komanso kawonjoleni m'mawa kwambiri, chifukwa mukachedwa ng'ona ndi akatumbu amakudyerani, ndipo nsomba yofera pa chingwe m'madzi ofunda a kuno sichedwa kuvunda.

Tsopano chimene chimandiwawa mtima. Mvula yoyamba ikagwa mtsinje n'kusefukira, milamba imachoka m'maiwe n'kulowa m'maudzu omira kukaswana, makamaka usiku. Mazira amamatirira ku udzu, amaswa pakangotha tsiku limodzi kapena awiri, ndipo makolo sawasamala ayi, amangobwerera. Nthawi imeneyi milamba imakhala yosavuta kugwira, moti ena amatseka ngalande yonse ndi miono, ena amangobaya ndi mikondo. Mukaitumbula mumapeza mimba yodzaza mazira. Mazira amenewo ndiwo anali ndiwo zanu za chaka chamawa. Sindikunena kuti ana agone ndi njala mu Januwale. Ndikunena kuti potchera miono siyani mpata mbali imodzi, zina zidutse. Chimodzimodzi mphende yaikazi: imasunga mazira ndi ana m'kamwa, ndiye mukaipeza ili chomwecho ibwezereni m'madzi.

Za katupe ndi mankhwala opopera thonje sitikambirana n'komwe. Wothira zimenezi padziwe amapha chilichonse, tiana tomwe, ndipo madzi omwewo amwa ng'ombe, amayi atungamo kumunsi. Lamulo la za usodzi la 1997 limaletsa kupha nsomba ndi poizoni. Neti ya udzudzu nayo inabwera kudzateteza ana ku malungo. Mukaikoka m'madzi imakolola tinsomba toti sitinafike n'komwe pa msinkhu wodyedwa. Dambo la Elephant Marsh linalembedwa mu 2017 pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse, koma olilondera enieni ndi inu ndi makomiti a asodzi a m'midzi otchedwa BVC pamodzi ndi mafumu. Mukaona wina akuthira mankhwala, kanenereni kukomiti tsiku lomwelo.

Dzisamaleninso. Ng'ona imaphunzira chizolowezi cha munthu, choncho musamaime malo amodzimodzi tsiku lililonse, musamalowe m'madzi kukamasula mbedza yokodwa, ndipo musamatumbulire nsomba padooko pamene anthu amasamba. Usiku pitani awiri, ndi tochi, ndipo mupewe njira zimene mvuu zimatulukira. Pochotsa mbedza gwirani mlamba kuseri kwa mutu: m'zipsepse zam'mbali muli minga yolimba imene imabaya mopweteka.

Mlamba umatha kupuma mpweya kunja kwa madzi. Mukauika m'thumba lonyowa n'kuusiya pamthunzi, umakhala wamoyo kwa maola angapo, ndipo pamsika wamoyo susowa wogula. Wotsala utumbuleni msanga, muutsuke ndi madzi oyera, muupinde, kenaka muuwambe pa moto wosalilima mpaka uume ndithu. Wowambidwa mothamanga umapsa kunja m'kati muli muwisi, ndipo pofika ku Limbe umakhala utachita mphutsi.