Momwe mungasankhire pakati pa SUV yaing'ono ya petulo ndi ya hybrid

Kuyambira pamene mizere ya pa malo omwetsera mafuta inayamba kutalika m'mizinda yathu, anthu ambiri amene akufuna galimoto yokwera pang'ono (SUV), ya mtundu wa Honda Vezel, Toyota C-HR kapena Nissan X-Trail, akumathamangira ya hybrid, yoyendera petulo ndi magetsi, chifukwa anamva kuti imamwa mafuta ochepa. Zimenezi n'zoona, koma galimoto ya hybrid imabweza ndalama zake pokhapokha ngati misewu imene mumayenda tsiku ndi tsiku ikuiyenera, ndiponso ngati batire lake lalikulu lapimidwa ndi munthu wodziwa ntchito musanapereke ndalama. Ngati chimodzi mwa ziwirizi chikusowa, ya petulo yekha ndi imene ingakusungeni bwino.

Choyamba, lembani papepala maulendo anu a mwezi wathunthu, ndipo muwagawe pawiri: a m'tauni ndi a mtunda wautali. Galimoto ya hybrid ili ndi injini ya petulo komanso mota yamagetsi, ndipo batire lake limadzaza lokha injini ikamayenda komanso nthawi iliyonse imene mukuponda mabuleki. Sililumikizidwa ku magetsi a ESCOM ayi, choncho kuzima kwa magetsi sikulikhudza. Zolumikiza kukhoma ndi mtundu wina, monga Mitsubishi Outlander PHEV. Phindu lenileni la hybrid limaoneka pamene magalimoto athinana, monga pa Masauko Chipembere Highway madzulo kapena polowa ku Old Town ku Lilongwe m'mawa, chifukwa pamenepo injini imazima mukaima ndipo mota ndi imene imakukankhani pang'onopang'ono. Koma pa msewu wa M1, kuchoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre kapena ku Mzuzu, injini imagwira ntchito pafupifupi ulendo wonse, ndipo kusiyana kwa mafuta pakati pa mitundu iwiriyi kumachepa kwambiri. Munthu amene ntchito yake ndi ya m'maboma, wolowa misewu yafumbi mlungu uliwonse, akhoza kusiya kuwerenga pano n'kukafunafuna ya petulo.

Chachiwiri ndi masamu, ndipo ndikulangizani kuti muwachite m'malita osati m'makwacha, popeza mtengo wa mafuta umene MERA imalengeza umasinthasintha, ndipo kwacha itatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 masamu ambiri a anthu anasokonekera. Musadalire manambala a m'mabuku a ku Japan. Pa muyeso wawo wakale wa JC08, Vezel ya hybrid inalembedwa kuti imayenda makilomita 27 pa lita imodzi, ya petulo makilomita 20.6, pamene C-HR ya hybrid inafika 30.2, koma miyeso imeneyi inachitika pa makina, popanda maenje, popanda katundu ndiponso popanda kuyatsa eyakoni. Funsani anthu amene ali nazo kale kuno kuti akuuzeni zimene amapeza akadzaza thanki mpaka kudzazanso. Tiyerekeze kuti mumayenda makilomita 1,500 pa mwezi, ya petulo ikukupatsani makilomita 13 pa lita, ya hybrid 19. Yoyambayo idzamwa malita pafupifupi 115, yachiwiriyo pafupifupi 79, kusiyana kwake malita 36. Chulukitsani ndi mtengo wa lita lero, kenako muone kuti padzatenga miyezi ingati kuti ndalama zopulumukazo zikwane ndalama zimene mwaonjezera pogula, kuphatikiza mtengo wa batire lina. Batirelo muliwerengere ndithu, chifukwa zambiri mwa galimoto zimene zimafika kuno zatha kale zaka zisanu ndi zitatu kapena khumi. Pali chinthu chimodzi chimene masamuwa sachionetsa, ndicho maola amene simudzawataya pa mzere nthawi imene mafuta akusowa, ndipo kwa ine chimenecho chimalemera ndithu.

Chachitatu, dziwani kuti mawu akuti hybrid sakutanthauza makina amodzimodzi. C-HR, imene inatuluka ku Japan kumapeto kwa 2016, imagwiritsa ntchito injini ya malita 1.8 ndi makina ofanana ndi a Prius, ndipo makina a Toyota amenewa akhala akupangidwa kuyambira 1997. Alibe sitata kapena olitaneta yapadera, amakaniko ambiri anawazolowera, ndipo masipeya ake amapezeka. Vuto la C-HR ndi lakuti ndi yotsika pansi, kumbuyo kwake n'kothina, ndipo ya hybrid ya m'badwo woyamba imakoka ndi matayala akutsogolo okha. Vezel yoyamba, ya kumapeto kwa 2013, ndi yokwera bwino komanso yotakasuka m'kati, koma ya hybrid ili ndi giyabokosi ya magiya 7 yokhala ndi makilatchi awiri ouma, imene siikonda kukwawa pang'onopang'ono pa chitunda nthawi yaitali. Mu 2014 kampani ya Honda inaitanitsa galimoto zimenezi ku Japan kuti zikakonzedwe mapulogalamu oyendetsa giyabokosi ndi injini, choncho ngati mukugula ya 2013 kapena 2014, funsani umboni wakuti ntchitoyo inachitika. Vezel ya petulo ili ndi giyabokosi wamba ya CVT, yomwe ndi ya otomatiki yopanda magiya owerengeka. X-Trail ya hybrid inabwera mu 2015, ndi yaikulu ndiponso yolemera, ndipo mafuta amene imapulumutsa sachuluka ngati a ziwiri zinazo.

Tsopano tifike pa kupima batire, pamene ine zinandivuta ndipo pamene ndikufuna kuti mukhale nthawi yaitali. Galimoto ya hybrid imene ndinayamba kugula ndinaipeza pa malo ena ogulitsira galimoto, itatsukidwa bwino, injini ili yotentha kale, pa dashibodi palibe nyali iliyonse yochenjeza. Tinazungulira nayo pafupi, inayenda mwakachetechete, ndipo ndinalipira. Pasanapite nthawi yaitali nyali yochenjeza za hybrid inayaka ndikukwera chitunda, galimoto inafooka, ndipo makaniko ataiika pa kompyuta anapeza kuti zigawo zina za batire zinali zitatha mphamvu, komanso kuti mauthenga a zolakwika anali atafufutidwa posachedwa. Wogulitsayo ankadziwa zimene ankachita. Kufufuta mauthenga amenewa kumatenga mphindi zochepa kwa munthu amene ali ndi kachipangizo kotchipa, ndipo nyaliyo ikhoza kukhala yozima masiku angapo isanayakenso.

Choncho chitani izi. Pitani m'mawa osanena nthawi yeniyeni imene mufike, ndipo mugwire boneti kuti mutsimikize kuti injini ndi yozizira. Tengani makaniko wanu, osati amene wogulitsa wakuitanirani, ndipo akhale ndi kompyuta imene imatha kuwerenga batire la hybrid, chifukwa zambiri zimene zili m'magalaja athu zimangowerenga injini basi. Batire lalikulu ndi zigawo zambiri zolumikizana, ndipo chimene makaniko ayenera kuyang'ana ndi mavoti a chigawo chilichonse galimoto ikuyenda, makamaka pamene mwaponda mafuta mwamphamvu ndi pamene mukutsika ndi mabuleki. Zigawozo ziyenera kukwera ndi kutsika pamodzi. Chimodzi chikamatsalira m'mbuyo moonekera, batirelo lili m'njira yakutha ngakhale nyali isanayake. Mupempheninso kuti aone ngati kompyuta ya galimotoyo yamaliza kudzipima yokha, chifukwa ikaonetsa kuti mayeso ake ambiri sanathe, ndiye kuti wina wafufuta zinthu posachedwa kapena wachotsa batire laling'ono, lofanana ndi la galimoto wamba, ndipo wogulitsa akuyenera kufotokoza chifukwa chake.

Ulendo woyesa usachepere theka la ola, ndipo mukhale chitunda chenicheni m'menemo. Yang'anani chizindikiro cha batire pa dashibodi: chikamadzaza msanga n'kutha msanga, batirelo silikusunganso mphamvu yokwanira. Mvetserani ngati injini ikukana kuzima mukaima ngakhale yatentha kale. Mvetseraninso kumbuyo, pafupi ndi mpando, pamene pali kabowo kolowera mpweya woziziritsa batire. Fani ya pamenepo ikamalira kwambiri, batire likutentha, ndipo kawirikawiri chifukwa chake ndi fumbi, tsitsi ndi ulusi zimene zatseka njira. Kutentha ndi kumene kumapha mabatire amenewa, ndipo ndi fumbi la mwezi wa Okutobala kuno kwathu, kabowo kameneka kamafunika kutsukidwa pafupipafupi ndipo kasamatsekedwe ndi zikwama kapena nsalu zovekera mipando. Pa Vezel ya hybrid, imani pa chitunda n'kunyamuka pang'onopang'ono kangapo, kenako mubwerere m'mbuyo. Ikamanjenjemera kapena kuchedwa kugwira giya, isiyeni. Funsaninso kuti galimotoyo yakhala nthawi yaitali bwanji osayenda, chifukwa batire la hybrid limawonongeka likakhala miyezi yambiri pa doko kapena pa bwalo la ogulitsa. Mawaya a mtundu wa lalanje musawakhudze, amanyamula mavoti pafupifupi 200.

Ndinene pang'ono za ogulitsa mabatire, popeza ndinadutsamo. Ambiri mwa mabatire amene amatchedwa atsopano pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp ndi akale ochotsedwa m'galimoto zangozi, kapena osinthidwa zigawo ziwiri zitatu n'kupukutidwa kunja. Kusintha chigawo chimodzi kumatchipa ndipo kumazimitsa nyali, koma chigawo champhamvu pakati pa zofooka sichikhalitsa, ndipo pakapita miyezi ingapo china chimagwanso. Ngati mwasankha njira imeneyi chifukwa cha thumba, wogulitsayo alembe chitsimikizo cha miyezi ingapo papepala, ndipo akuonetseni mavoti a zigawo zonse batire litaikidwa. Amene akukana kulemba, musamupatse ndalama zanu. Mtengo wa batire la galimoto imene mukuifuna muufunse musanagule galimotoyo, kwa ogulitsa osachepera awiri.

Ya petulo nayo si yongotenga osayang'ana. Giyabokosi ya CVT iyenera kunyamuka mosalala, popanda kulira ngati mluzu kapena kugwedeza, ndipo imafuna oyilo wake weniweni, osati aliyense amene ali pa shelefu. C-HR ya petulo ili ndi injini ya malita 1.2 ya turbo, imene siilekerera oyilo wotchipa kapena kuchedwetsa sevisi. Komabe ya petulo ikafa muli ku Chitipa kapena ku Nsanje, mwayi wopeza munthu woikonza tsiku lomwelo ndi waukulu, pamene ya hybrid nthawi zambiri imafuna kunyamulidwa mpaka mumzinda.

Ngati mukuitanitsa nokha kuchokera ku Japan, simungathe kupima chilichonse mwa izi, ndipo ichi n'chifukwa china chimene ndimauzira anthu oitanitsa kuti asatenge hybrid yakale kwambiri. Pemphani pepala la ku okushoni, muyerekeze nambala ya chasisi ndi mayileji amene alembedwapo ndi zimene zili pa galimoto. Pa pepalalo amalembaponso giredi yosonyeza mmene galimoto ilili: giredi 4 kupita m'mwamba ndi yabwino, ndipo chilembo R chikutanthauza kuti inachitapo ngozi n'kukonzedwa. Mayileji amabwezedwa m'mbuyo, choncho galimoto ya zaka khumi yoonetsa makilomita ochepa kwambiri koma chiwongolero chili chonyezimira ndi kutha ikukunamizani. Msonkho wa MRA umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, ndiye ajenti wanu akulembereni masamu a mitundu yonse iwiri galimoto isanakwere sitima, kuti musakadzidzimuke nayo pa chipata cha Songwe itachoka kale ku Dar es Salaam.

Zotsalazo ndi zachizolowezi: kalata ya apolisi, kulembetsa ku Road Traffic, COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu) ndi inshuwalansi, ndipo sizisiyana pakati pa mitundu iwiriyi. Yang'anani pansi pa buti, chifukwa zambiri mwa galimoto zimenezi zimabwera zopanda tayala lapadera, zili ndi kabotolo komatira basi, ndiye mugule tayala ndi jeke musanapite ulendo wautali. Ngati mwatenga hybrid, thirani oyilo wopyapyala amene buku lake likunena, nthawi zambiri 0W-20, musaoloke nayo madzi akuya nyengo ya mvula popeza batire lili pansi, ndipo musaigwiritse ntchito polizira galimoto ya mnzanu imene batire lake lafa. Mukamachoka kwa milungu ingapo, siyirani munthu makiyi kuti aziiyendetsa pang'ono mlungu uliwonse.