Foni muzigula ndi chala, osati ndi maso

Pa benchi yanga yokonzera mafoni ku Limbe, ambiri mwa anthu amene amabwera akudandaula kuti foni yawavuta amakhala atanyamula foni yabwinobwino. Mwezi wathawu anabwera mayi wina wogulitsa zitenje, mwana wawo wa ku Joni atawatumizira Samsung yatsopano. Anaiika patebulo ngati mbale yotentha.

"Achimwene, mwanayu anamubera. Ndikati ndibwerere m'mbuyo, ikunditsegulira zinthu zina."

Ndinawafunsa foni yomwe ankagwiritsa ntchito kale, anati Nokia ya Android, zaka zinayi. Apo ndinadziwiratu. Pa Nokia ija kabatani kobwerera kali kumanzere, pomwe Samsung amakaika kumanja. Chala chawo chinkapitabe kumudzi kwake kwakale. Ndinalowa mu Settings, Display, kenako Navigation bar, n'kusinthanitsa timabatani tija, ndipo mayi aja anaseka mpaka kugwira m'chiuno.

Nkhani ya mafoni yagona pamenepo. Kupatula iPhone, pafupifupi foni iliyonse imene mungaipeze m'sitolo ili ndi Android ya Google m'kati mwake, ndipo ubongo wake umachokera ku makampani ochepa omwewo, MediaTek, Qualcomm kapena Unisoc. Mukazivundukula monga ndimachitira ine tsiku ndi tsiku, zimafanana ngati ana a mimba imodzi. Ndiye kampani iliyonse imasoka chovala chakechake n'kuveka Android ija. Samsung ali ndi One UI, imene anailengeza mu 2018 atasiya mayina akale a TouchWiz ndi Samsung Experience. Tecno ali ndi HiOS, Infinix ali ndi XOS, ngakhale kuti awiriwa pamodzi ndi itel ndi ana a kampani imodzi, Transsion ya ku Shenzhen. Xiaomi anayamba ndi MIUI mu 2010 asanapange n'komwe foni yawoyawo, n'kudzasintha kukhala HyperOS mu 2023. Chovalachi ndi chimene mumakhala nacho kuyambira m'mawa mpaka usiku, ndipo ndi chimene chimakubwezani kwa kampani yomweyo foni ikadzafa. Iwo akudziwa kuti chala chikazolowera sichifuna kusamuka.

Choncho mukalowa m'sitolo musayambe ndi kusisita kumsana kwa foni kapena kuwerenga makamera. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Muuzeni wogulitsa aiyatse. Akakana, tulukani, masitolo ndi ambiri.

Ikayaka, pitani mu Settings, tsikirani pansi pa About phone. Mukufuna zinthu zitatu pamenepo: nambala ya Android, dzina la chovala chija ndi nambala yake, komanso tsiku limene foniyo inalandira chigamba chomaliza cha chitetezo, pomwe palembedwa Security patch. Foni yoti ndi yatsopano koma chigamba chake n'cha zaka ziwiri zapitazo, yakhalitsa m'katoni kapena eni ake anaiiwala. Imbani *#06# muone ngati nambala ya IMEI ikufanana ndi ya pakatoni. Ngati ndi Samsung, imbaninso *#0*#, patuluka timabokosi toyesera sikirini, sipika ndi zina. Mafoni achinyengo amakopera thupi, chithunzi cha pasikirini ndi dzina, koma akafika pa zinthu zam'kati ngati zimenezi ambiri amagwa chagada.

Funsani kuti foniyo idzakhala ikulandira mapulogalamu atsopano kwa zaka zingati. Ogulitsa ambiri sadziwa, ndiye fufuzani nokha pa intaneti musanapite. Makampani tsopano amapikisana pa lonjezo limeneli. Google analonjeza zaka 7 pa Pixel 8 mu 2023, Samsung n'kutsatira ndi zaka 7 pa Galaxy S24 mu 2024, ndipo ngakhale Galaxy A16 5G, yomwe si yodula kwambiri, anailonjeza zaka 6. iPhone 6s ya mu 2015 inafika mpaka pa iOS 15 ya mu 2021 (iOS ndiye pulogalamu yoyendetsa iPhone, monga Android pa mafoni ena). Mafoni ambiri otchipa amakhala pa Android yomwe anabadwa nayo mpaka kufa. Wina anena kuti ine bola iziimba. Komatu mu 2023 WhatsApp inasiya kugwira pa mafoni a Android yotsika kuposa 5.0, ndipo mapulogalamu a mabanki nawo amachita chimodzimodzi. Foni imakhala ikuyaka bwinobwino koma dziko litaisiya m'mbuyo. Mukaonanso mawu akuti Go edition dziwani kuti ndi Android yopepukitsidwa, yopangira mafoni a mphamvu zochepa. Kwa agogo ofuna kuimba ndi kulandira zithunzi za adzukulu ndi yokwanira, koma kwa inu wa bizinezi ya pa Facebook idzakutopetsani.

Tsopano gwirani foniyo ndi dzanja limodzi, monga mumachitira mutapanikizika mu minibasi ya ku Bangwe dzanja lina litagwira jumbo. Chitani zomwe mumachita tsiku lililonse. Lembani uthenga, tsegulani kamera, chepetsani kuwala, sakani dzina la munthu. Pa One UI muona kuti theka lakumwamba la sikirini nthawi zambiri limangokhala ndi mutu waukulu, zokhudza zonse zili m'munsi. Anachita dala, poona kuti mafoni atalika kuposa chala chachikulu. Ena zimawanyansa, amati akuwononga malo. Ine ndimazikonda, poti manja anga ndi aafupi.

Yesani kujambula zomwe zili pasikirini. Kukanikiza batani loyatsira pamodzi ndi lotsitsira mawu kumagwira pa Android iliyonse, koma aliyense anawonjezera kachizolowezi kake: pa Tecno ndi Xiaomi mumatsetsereka ndi zala zitatu, pa Samsung mumapukuta sikirini ndi m'mphepete mwa dzanja. Ngati muli ndi layini ya Airtel ndi ya TNM ndipo mukufuna ma WhatsApp awiri, fufuzani pomwe anabisa njira yake. Samsung amati Dual Messenger, Tecno amati App Twin, Infinix amati XClone, Xiaomi amati Dual apps. Chinthu chimodzi, mayina anayi. Amatero kuti muziganiza kuti ndi kwa iwo kokha kumene chimapezeka.

Pa kamera ndiye ndichedwepo pang'ono, chifukwa apa m'pamene anthu amapusitsidwa kwambiri. Nambala ya ma megapixel yolembedwa pakatoni ikuuzani zochepa. Mukakanikiza batani, pulogalamu ya m'foni ndi imene imasankha kuti nkhope iwale bwanji, thambo likhale lobiriwira motani, mthunzi ude kufika pati. Kampani iliyonse ili ndi kakomedwe kake. Zithunzi za Samsung zimakonda mitundu yowala, zitenje zimaoneka ngati zangotuluka kumene m'fakitale. Transsion anamanga dzina lawo mu Africa muno posamala kuti khungu lakuda lizioneka bwino, pa nthawi imene makamera ambiri ankatisandutsa chithunzithunzi cha mano ndi maso okha. Google anadzabwera ndi zofananazo mu 2021 pa Pixel 6, n'kuzitcha Real Tone. Ndiye musajambule katoni kapena msewu. Dzijambuleni nokha, pakona pamdima pa sitoloyo, kenako mujambule mnzanu ataima pakhomo dzuwa lili kumbuyo kwake. Ngati nkhope yatuluka yosalala ngati ya chidole, sakani kabatani kokongoletsa nkhope mukazimitse, muyesenso. Ndipo mukagula, lowani mu Settings ya kamera muzimitse Watermark, kadzina ka foni kamene kamadindidwa pakona pa chithunzi chilichonse. Ndimaona zithunzi za maukwati, ngakhale za maliro, zikulengeza malonda a kampani imene sinapereke ngakhale chipepeso.

Mukafika nayo kunyumba, tsiku loyamba likhale losesa. Foni iliyonse imabwera ndi alendo ake. Pa Tecno mupeza Boomplay, Palm Store ndi Phoenix, pa Samsung mupeza Galaxy Store ndi msakatuli wawo pambali pa Chrome. Ena mwa alendowa ndi othandiza, ena amangodya bandulo ndi kukutumizirani mauthenga a malonda pakati pa usiku. Kanikizani chizindikiro cha pulogalamuyo kwa kanthawi, sankhani App info. Ngati pali Uninstall ichotseni, ngati pali Disable yokha igoneni, ndipo ngati zonse zakanika zimitsani Notifications ndi Background data. Chonde musathamangire kukaifulasha foniyo, ndiko kuti kufufuta pulogalamu yoiyendetsa n'kuikamo ina, kuti ikhale ngati ya kampani ina. Ndalandirapo mafoni ambiri ofa chifukwa cha nzeru zoterezi, ndipo ena sadzuka.

Palinso vuto lina lobwera ndi mpikisano wa batire. Kuti azitamandidwa kuti foni yawo imagona masiku awiri osatchaja, makampani ena amaika kapitawo wankhanza amene amatseka pulogalamu iliyonse mukangozimitsa sikirini. Zotsatira zake, mauthenga a WhatsApp amalowa mulu pokhapokha mwaitsegula, kasitomala atapita kale kwina. Mankhwala ake ali pa App info pomwepo: lowani pa Battery, musankhe Unrestricted kapena mawu ofanana nawo, ndipo ngati pali Auto-start muyatse.

Chomaliza ndi mpanda. Kampani iliyonse imakupemphani kutsegula akaunti yawo, ndipo mukasunga zinthu zanu mmenemo kutuluka kumavuta. Manambala a anthu muzisunga mu akaunti ya Google, osati m'foni kapena mu akaunti ya kampani, chifukwa ya Google imakutsatirani kulikonse, ngakhale pa iPhone. Lembani imelo ndi pasiwedi yake m'kabuku, musasiyire mnyamata wa pasitolo kuti akutsegulireni n'kuiwala. Macheza a WhatsApp pa Android amasungidwa ku Google Drive, pa iPhone ku iCloud, ndipo nkhokwe ziwirizi sizilankhulana. Posamuka kupita pa iPhone gwiritsani ntchito pulogalamu yosamutsira zinthu ya Move to iOS foniyo isanayambe kugwira ntchito, chifukwa mukaikonza kaye mudzafunika kuifufuta n'kuyambanso. Popita pa Samsung pali Smart Switch, ndipo ndi chingwe zimayenda msanga kusiyana ndi pa Wi-Fi.

Abale a kunja akafuna kukutumizirani foni, auzeni zinthu ziwiri. Mafoni a Huawei amene anatuluka dziko la America litawaletsa mu 2019, kuyambira pa Mate 30, alibe Play Store, ali ndi AppGallery yawo. Ndipo ma iPhone ogulidwa ku America kuyambira pa iPhone 14 ya mu 2022 alibe poika SIM khadi, amagwira ndi eSIM yokha, SIM yopanda khadi yokhala m'kati mwa foni momwemo.

Pogula foni yogwiritsidwapo kale ntchito, ndalama zikhale m'thumba mpaka mwiniwake atatulutsa akaunti yake n'kuifufuta inu mukuona, kenako muiyatse mulowetse yanu. Apple anaika Activation Lock mu 2013, Android n'kutsatira ndi loko wake mu 2015, kuti wakuba asapindule. Mnyamata wina anabwera ndi iPhone yokongola imene anagula pamsewu ndi ndalama za fizi, ikupempha pasiwedi ya munthu amene sanamuonepo. Anandichonderera kuti, "Akulu, yesaniko basi." Ndinamuuza zoona, kuti imeneyo ndingagule sikirini ndi batire lokha.

Mayi a zitenje aja anabweranso patatha masiku atatu. Kabatani kanali bwino, koma anati foni ikalira mumsika, azimayi anayi pamzere wawo amapisa m'zikwama nthawi imodzi, poti onse ali ndi Samsung ndipo kanyimbo n'kamodzi. Nakonso a Samsung anakaika dala, kuti muzidziwa foni yawo musanaione. Tinalowa mu Settings, Sounds and vibration, Ringtone, n'kukanikiza kachizindikiro kowonjezera kali pamwamba. Anasankha nyimbo ya kwaya ya ku tchalitchi kwawo imene inali kale m'foni, n'kundisiyira nthochi zitatu.