Momwe mungaphunzirire ntchito yotsogolera alendo limodzi ndi anthu omwe simukuwadziwa

Ntchito yotsogolera alendo okaona malo, yomwe ambiri amangoti ugayidi, siphunziridwa panokha. Mudzapezeka m'kalasi limodzi ndi mnyamata wa ku Chembe amene wakulira m'bwato, mayi amene wagwirapo ntchito mu hotela ku Lilongwe, ndi wina amene wangolemba kumene MSCE. Simunawasankhe, koma mukawagwiritsa bwino ntchito adzakuphunzitsani zomwe mulibe m'manotsi.

1. Sankhani kaye mtundu wa ugayidi, kenako sukulu

Gayidi wa kutchire, wa kuphiri ndi wa m'tauni amasiyana. Za zokopa alendo zimaphunzitsidwa ku Malawi Institute of Tourism ku Blantyre komanso ku Mzuzu University, pomwe Malawi College of Forestry and Wildlife ku Dedza imaphunzitsa za nkhalango ndi nyama. Musanalipire fizi, funsani ngati sukuluyo ndi yovomerezeka ndi boma, ndiponso ngati kosiyo ili ndi maulendo opita kumalo enieni. Yongokhala m'kalasi ndi kutaya ndalama.

2. Sabata yoyamba, dziwani kwawo kwa aliyense

Musathamangire kukhala ndi akwanu okhaokha. Funsani aliyense dzina, kumudzi, ndi chomwe amachidziwa bwino, ndipo lowezani mayina onse tsiku lomwelo chifukwa pantchito mudzachita zomwezo ndi alendo ongotsika mu basi. Wa ku Mulanje akuuzani za mkungudza ndi chifunga cha chiperoni. Wa kunyanja akusiyanitsirani mbuna ndi utaka. Wa ku Rumphi akuphunzitsani moni wa Chitumbuka musanakafike ku Nyika.

3. Muzisinthana: lero gayidi, mawa mlendo

Apa ndiye pagona nkhani. Pangani kagulu ka anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, musankhe malo apafupi. Ngati muli ku Blantyre, tchalitchi cha St Michael and All Angels, chomwe chinamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891, ndi Mandala House ya 1882 zikukwanirani. Mmodzi atsogolere, ena onse akhale alendo, koma alendo ovuta: wina azitsalira m'mbuyo akujambula, wina azifunsa mafunso osatha, wina adandaule ludzu.

Wotsogolerayo ayang'anidwe pa zinthu zing'onozing'ono. Kodi waima poti dzuwa likuthobwa iyeyo, osati alendo? Kodi akulankhula atatembenukira gulu, kapena akuuza khoma? Kodi wawerenga anthu asananyamuke? Liwiro la gulu limachokera kwa woyenda pang'onopang'ono, ndipo anyamata amphamvu izi amaiwala kawirikawiri.

Mukamaliza khalani pansi muuzane zoona. Ife timakonda kunena kuti "mwachita bwino achimwene" ngakhale munthu wasokoneza zaka zonse. Ubwino wa anthu osadziwana ndi womwewu: palibe chibale choti muteteze, choncho gwirizanani poyamba kuti aliyense azitchula chimodzi chabwino ndi chimodzi chofunika kukonza. Chingerezi chikamavuta musasekane. Mlendo amafuna mawu omveka, osati katchulidwe ka ku London.

4. Gawanani mfundo, ndipo muzitsimikize

Aliyense atenge malo amodzi, awafufuze, adzaphunzitse anzake. Gayidi wa kuno sayenera kudodoma ponena kuti nsonga ya Sapitwa, pa phiri la Mulanje, ndi yotalika mamita 3,002, kuti Lake Malawi National Park inalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu 1984 ndipo zojambula za pamiyala za ku Chongoni zinalowa mu 2006, kapena kuti bungwe la African Parks linayamba kusamalira Majete mu 2003, kenako Liwonde ndi Nkhotakota mu 2015. Nkhani ya njovu pafupifupi 500 zomwe zinasamutsidwira ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017 alendo amaikonda kwambiri.

Mnzanu akapeka yankho, mugwireni pomwepo. Alendo ambiri amabwera atawerenga kale, ena ali ndi buku la mbalame m'manja. Pa za miyambo, monga Gule Wamkulu, mverani amene anakulira momwemo. Si zonse zomwe zimaululidwa, ndipo mlendo asajambule zithunzi gayidi asanapemphe chilolezo kwa eni ake.

5. Ndalama za gulu zikhale poyera

Maulendo amafuna kusonkha za minibasi, chakudya ndi zolowera. Sankhani msungichuma, ndalama zizidutsa pa Mpamba kapena Airtel Money kuti umboni uzikhalapo, ndipo zonse zizilembedwa pa gulu la WhatsApp. Magulu ambiri amapasuka pa chenji.

6. Chithandizo choyamba, kenako kutsatira akale

Phunzirani chithandizo choyamba, mwachitsanzo kudzera ku Malawi Red Cross Society, ndipo muziyeserera pa anzanuwo kumanga bondo lobinya ndi kunyamula wovulala. Kenako pemphani kutsatira gayidi wakale pa maulendo angapo, mukunyamula madzi ndi kumvetsera. Malo ena ali ndi dongosolo lawo: ku Likhubula, pa phiri la Mulanje, magayidi ndi onyamula katundu ndi olembetsedwa, simungangofika n'kutenga alendo. Za ziphaso kafunseni ku Dipatimenti ya Zokopa Alendo musanayambe kulipiritsa munthu. Manambala a anzanu a m'kalasi asungeni, chifukwa loji ikafuna gayidi mwadzidzidzi imafunsa amene ili naye kale kuti atchule wina.