Kupanga zenera la magalasi amitundu: kudula, kulumikiza ndi kumata

Ambiri akaona mazenera a m'matchalitchi akale amaganiza kuti ndi penti. Ayi, mtundu umakhala m'galasi momwemo. Penti amangojambulira nkhope ndi mapindo a zovala, ndipo ndi wapadera, wowotchedwa mu uvuni pa madigiri a Celsius pafupifupi 650 kuti alowerere. Penti wa m'chitini amasupuka, makamaka kuno ku Zomba kumene chinyezi chochokera kuphiri sichisowa.

Jambulani chithunzi pa mapepala awiri olimba, kukula kwake kofanana ndi zeneralo. Limodzi mulidule m'zidutswa, koma pamzere uliwonse muchotsepo mamilimita pafupifupi 2, malo a msana wa mtovu wolumikizira, mbali yake yolowa pakati pa magalasi awiri. Mukaiwala, zenera limatuluka lalikulu, osalowa m'felemu.

Podula galasi la mamilimita 3, viikani kawilo ka chodulira m'palafini. Kokani kamodzi kokha, kuchokera m'mphepete mpaka m'mphepete, phokoso lake lizimveka ngati nsalu ikung'ambika. Kubwereza mzere kumabunthitsa kawilo, galasi n'kusweka mokhota. Thyolani nthawi yomweyo. Malo opindikira m'kati ndiwo amaliza magalasi a ophunzira: musawadule ulendo umodzi, lembani mizere ingapo n'kumabenthula pang'onopang'ono ndi pulayala.

Mtovu umabwera m'timizere tokhala ndi ngalande mbali zonse ziwiri. Ukokeni kaye kuti uwongoke ndi kulimba. Yalani pepala losadula lija pathabwa lalikulu, khomani timatabwa tiwiri pakona yake, yambirani pakonapo, chidutswa chilichonse muchigwiritse ndi msomali kufikira chinzake chitalowa. Polumikizana mtovu pakani flux, mankhwala othandiza kuti powotcherera pagwire, kenako sungunulirani solder ya 60/40 (chitsulo chofewa cholumikizira, cha magawo 60 a tin ndi 40 a mtovu) ndi chowotcherera cha mawati 80 kapena 100. Yesani pa kachidutswa kotsala, chifukwa chikatenthetsa chimaboola mtovu. Tembenuzani mosamala, muwotcherere kuseri.

Pomata zenera ndi pamene ambiri amathamanga, koma mvula ya Januwale ikamawomba zenera, ulesi wonse umaonekera. Sakanizani ufa wa choko ndi mafuta a linseed (mafuta a mbewu omwe amauma n'kulimba) mpaka zikhale ngati phala lolimba, mukankhire pansi pa mtovu ndi bulashi mbali zonse ziwiri. Wazani choko youma, pukutani, ndipo zenera ligone chafufumimba masiku angapo. Likakhala lalitali, limangirireni ku timipiringidzo tachitsulo ndi waya wamkuwa, apo ayi limafutuka pamimba.

Mtovu ndi poizoni. Wotchererani potseguka, ana asaseweretse zotsala, ndipo sambani m'manja ndi sopo musanagwire nsima.